Alamu Anga ndi Makungwa a Kumanda

Alamu anga a Yakobe si munthu woipa, ndipo chimenecho ndiye chimandipsetsa mtima kwambiri. Akanakhala chidakwa kapena mwamuna womenya mkazi, bwenzi nditawatukwana kamodzi pamsika wa Mitundu, anthu onse n'kumva, ine n'kupepukidwa. Koma ayi ndithu. Munthu wake ndi uja woti ukamukalipira amavula chipewa n'kuyamba kukufunsa ngati ana adzuka bwino. Ndiye mkwiyo wangawu ndimangoyenda nawo, m'mawa kupita nawo kumsika, madzulo kubwera nawo kunyumba.

Ine ndine Rozina, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Mitundu pomwepa. Maness, mkazi wa a Yakobewo, anali mng'ono wanga wondiponda pamutu. Ndati anali chifukwa tinamuika m'manda, ndipo nkhani ya alamu angawa siingamveke popanda iyeyo.

A Yakobe kwawo ndi cha ku Nathenje. Bambo awo anamwalira iwo akadali wamng'ono, sukulu n'kulekera panjira. Amalume awo anawatenga kupita nawo ku maesiteti a fodya, kumene anakulira pa utenanti. Amalumewo ankadziwako mitengo ya m'mimba ndi ya zilonda, osati using'anga wa ziwanda ndi mikanda, koma kungodziwa ngati mmene mayi amadziwira ndiwo zakutchire. A Yakobe anatolako zimenezo. Atatopa ndi kulimira anthu ena anabwerera, n'kudzamupeza Maness pachigayo cha ku Mitundu, ndipo anamanga nyumba pamudzi pathu monga mkamwini. Anali wowonda, wa mikono italiitali, wosayankhulayankhula. Ine ndinkawaseka kuti mng'ono wanga wakwatiwa ndi mtanda wa chigafa, iwo n'kumangoseka nawo.

Ntchito zimene ankadziwika nazo zinali ziwiri. Yoyamba inali yopopera. Anali ndi sipuleya yawoyawo yoberekera kumsana, ndipo mvula ikagwa anthu ankawalimbirana kuti akawapoperere mankhwala opha udzu m'minda ya chimanga. Mankhwala amenewa alamu anga ankawalemekeza ngati munthu. Chaka chimene anawayesa koyamba m'munda mwawo anabwera kudzatitenga tonse, ine ndi mwana kumsana, kuti tikaone. Udzu wonse unali utapsa, chimanga chili chiimire, chobiriwira. Anayenda nafe mzere ndi mzere akubwereza mawu amodzi okhaokha, kuti mankhwalawa ali ndi maso, amadziwa mdani ndi m'bale. Ine ndinkangofuna kubwerera kukaphika.

Ntchito yachiwiri inali ya udzukulu, kukumba manda. Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono chifukwa ana a m'tauni sadziwa. Kuno kwathu mitengo yachilengedwe inatha kalekale. Fodya anaidya, ina kupita ku zigafa, ina kuotchera fodyayo, yotsala n'kuthera m'makala. Ukaima pamsewu wa ku Malingunde n'kuona kamsitu kakuda pakati pa minda, dziwa kuti ndi manda. Kumeneko munthu salowako wamba popanda maliro, ndipo sutolako ngakhale kankhuni kouma. Koma patsiku la maliro adzukulu ndiwo mafumu. Amalowa m'mamawa okha, amadula mizu pokumba, amanyoza amene akufuna, amagwira nkhuku ya mwini wake akuona, ndipo palibe amawafunsa chimene chili m'thumba mwawo. Umu ndi mmene a Yakobe ankapezera timakungwa tawo. Ankasenda kachidutswa kosaposa chikhatho, mbali imodzi yokha kuti mtengo usafe, chifukwa kuumitsa mtengo wa kumanda ndi mlandu waukulu.

Ndiye kunabwera Chithokozo. Ameneyu ndi mwana wa aphunzitsi ena a kutchalitchi kwathu, mtsikana waulemu wake, amene ankaphunzira za mankhwala kuyunivesite. Ankafufuza mitengo imene makolo ankatsukira zilonda zosapola, ndipo anthu anamulozera kwa alamu anga. Iwo anamupatsa makungwa a mtengo wina umene umapezeka m'manda okhaokha masiku ano. Dzina lake sinditchula. Ndikukudziwani anthu inu, mawa lomwe muli m'manda ndi zikwanje.

Patapita miyezi mtsikana uja anabweranso, atanyamula shuga, kuti adzathokoze. Ine ndinalipo, tinkaswa mtedza pakhonde ndi Maness. Anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi chakuda chokhala ndi timizere towala, tina tokhuthala pamwamba, tina tong'ambikang'ambika pansi. Anafotokoza bwino, sindinama. Anati thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa kalikonse muli ulusi wautali umene umauza seloyo zochita ndi nthawi yoti iswane. Ulusiwo amautchula kuti DNA. Khansa ndi maselo amene amangoswana osaleka. Iwo kulabu, chipinda chawo choyezera zinthu, anaviika makungwa aja, n'kutengamo madzi ake, n'kuthira pa ulusi umenewo m'kabotolo, ndipo ulusi unaduka zidutswazidutswa. Atathira pa maselo a khansa m'kambale ka galasi, ambiri anafa.

A Yakobe anaigwira foni ija ndi manja awiri. Anafunsa ngati timizere tong'ambikato ndi ntchito ya mtengo wawo uja, mtsikana n'kuvomera akumwetulira. Anafunsanso, iye n'kuvomeranso. Kenako, atayamba kale kukutumula siketi kuti azipita, Chithokozo anawonjezera kuti komatu izi ndi za m'galasi chabe, padakali ulendo wautali kuti zifike pa munthu. Ananena kamodzi, akuyang'ana kabaza amene ankamudikira pamsewu. Nkhani yokoma anaifotokoza atakhala pansi, chenjezo analinena ataimirira. Chimenecho mpaka lero chimandiwawa. Anthu ophunziranu, mukamabweretsa moto kumudzi muziyang'ananso kuti madenga athu ndi audzu.

Chaka chotsatira Maness anayamba kutaya magazi osati pa nthawi yake. Anabisa, monga timachitira akazi opusafe, mpaka ndinaona ndekha nsalu zake pachingwe zikuchapidwa tsiku ndi tsiku. Ndinamukoka kupita naye kuchipatala, anamuyeza, n'kutitumiza ku Lilongwe. Kumeneko anatiuza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero. Adokotala anayankhula mosabisa. Anati matenda apita patali ndithu koma sanafike posatheka, ndipo ngati alandira mankhwala onse osadumphitsa, mwayi woti alere mwana wake ulipo. Mwanayo ndi Ulemu, mtsikana mmodzi yekhayo amene anali naye, ndipo nthawi imeneyo anali asanamalize pulayimale.

Tinayamba maulendo okalandira mankhwala a khansa a m'dilipi, ine ndili womudikirira. Mankhwala amenewo ndi ankhanza, musamve zonama. Maness ankasanza mpaka m'mimba mouma, m'kamwa munatuluka zilonda, tsitsi lake lija linkatsalira pachipeso. Koma magazi anayamba kuchepa, fungo la matendawo linatha, ndipo adokotala atamuyezanso anati chotupa chikubwerera m'mbuyo. Ine ndinavina pakhonde la chipatala, anthu akundiyang'ana ngati wamisala.

Ulendo wina a Yakobe anati apite nafe. Anakhala pabenchi chipewa chili pabondo, akuyang'ana madzi akudontha kulowa m'mkono wa mkazi wawo, Maness akubuula. Nesi wina wocheza, pofuna kuwalimbitsa mtima, anawauza kuti asaope, ena mwa mankhwala a khansa amachokera ku mitengo ndi maluwa a kumayiko akunja. Ndinaona alamu anga akuwongoka pabenchipo. Panjira yonse yobwerera sanayankhule, ndipo ine ndinaganiza kuti ndi chisoni.

Sichinali chisoni, anali masamu. Tsiku la ulendo wotsatira litayandikira anandiitana n'kundiuza mofatsa kuti Maness sapitanso. Anati ngati mankhwala a m'tauniwo ndi mitengo yomwe, ndipo mtengo wathu a yunivesite anauyeza n'kuona ndi maso kuti umadula khansa, palibe chifukwa chomuzunzira munthu m'maminibasi. Za kuchipatalazo, anatero, ndi ngati mankhwala aja opsereza chilichonse, udzu ndi chimanga chomwe, n'chifukwa chake tsitsi likuthothoka. Koma mtengo wa Mulungu ndi ngati aja osankha. Ukalowa m'thupi ukafuna udzu wokha.

Ndinawafunsa amene anawauza kuti mtengowo umasankha. Anati palibe, koma ndi zodziwikiratu. Ndinawauza kuti mng'ono wanga si munda wa chimanga, ndipo ngati akufuna kupopera akapopere kwawo ku Nathenje. Ndinalalata mpaka agalu a pamudzi anayamba kuuwa. Iwo anangoti alamu, mtima pansi.

Chondipweteka n'chakuti Maness anavomera. Anali atatopa, ndipo munthu wotopa ukamuuza kuti pali njira yachidule safunsa kuti ikudutsa pati. Ndinathamangira kwa mchimwene wathu, amene ndiye mwini mbumba, woyenera kulamula pa nkhani ya matenda a mlongo wake. Iye, akusankha fodya wake osadzutsa n'komwe mutu, anati tiyese zonse, mwina mwayi uli kumeneko. Kuyesa zonse kwake kunali kusiya chimene chinkagwira ntchito. Amuna a pamudzi pathu akafuna kuthawa nkhani amayankhula ngati abusa.

Ndinafunafuna nambala ya Chithokozo kwa amayi ake n'kumuimbira. Mtsikana anadzidzimuka. Anandipempha kuti ndiwapatse foni alamu, ndipo ndinamva akuwachonderera. Anawauza kuti madzi aja amadula ulusi uliwonse umene aupeza, wa selo yodwala ndi wa selo yabwino, ndipo palibe amene akudziwa mlingo wake kapena chimene angachite ku chiwindi ndi impso. Anati ngakhale khoswe sanamuyesepo. A Yakobe anamvetsera mpaka kumapeto, n'kumuthokoza kwambiri, n'kumufunsa za mayeso ake. Atandibwezera foni anandiuza kuti mwanayu ndi wabwino koma akuopa mabwana ake, amene akufuna kuti mtengowo akaugulitse kwa azungu. Iwo anaona okha chithunzi, anatero, ndipo chithunzi sichinama.

Apa ndi pamene moyo wa alamu anga unasanduka wa maliro okhaokha. Ankakhulupirira kuti khungwa louma latha mphamvu, ndiye ankafuna laliwisi nthawi zonse. Kusenda mtengo umodzi mpaka kuupha sakanatha, kulowa m'manda popanda maliro sakanayerekeza, chifukwa ndi munthu woopa mwambo. Chotsala chinali kusaka maliro. Ankatchera khutu pawailesi, pachigayo, kwa anyamata a kabaza. Akamva kuti kwagwa zovuta ku Malingunde, m'mamawa khasu lili pakaliyala wa njinga. Mawa lake ali ku Nathenje, mkuja ali kutsidya kwa Diamphwe. Anzawo a pa utenanti anali ponseponse, ndipo munthu wobwera ndi khasu lake kudzathandiza kukumba sabwezedwa. Ankabwera madzulo ali mbuu ndi dothi la manda a anthu osawadziwa, makungwa ali m'thumba la jekete. Sipuleya inachita dzimbiri pakhoma, munda wawo womwe unamera udzu.

Ankaphika okha, osalola wina kukhudza. Madzi ake ankatuluka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, owawa moti ine nditalawa ndi nsonga ya lilime ndinalavula tsiku lonse. Ankamudzutsa Maness mwachikondi, kumutsamiritsa pachifuwa pawo, kumumwetsa pang'onopang'ono akumupukuta pakamwa. Akasanza, iwo ankati ndi chizindikiro chabwino, ngakhale chimanga chimayamba chafota kaye ukachipopera kenako chimadzuka. Tsitsi litayamba kumeranso, chifukwa choti dilipi analeka, anandiitana kuti ndidzaone umboni. Ndinawauza kuti tsitsi limamera ngakhale pa mbuzi.

Anthu nawo anayamba kuyankhula. Munthu wanji amene maliro aliwonse alipo, ngakhale a mwana wa mlendo? Akutuluka ndi chiyani m'manda chimene chikutupitsa jekete? Mawu akuti mfiti sananenedwe pamaso pathu, koma amayi ena amene ankagula tomato kwa ine anayamba kudutsa benchi langa akuyang'ana kumbali. Ulemu anabwera kusukulu akulira kuti anzake akumufunsa ngati kwawo amadya nyama tsiku lililonse. Ine ndinapita kukawatukwana makolo a anawo mmodzimmodzi, chifukwa alamu anga ndi opusa koma si mfiti. Komabe tsiku lina ndinaona chinthu chimene chinandiopsa. Panali patadutsa nthawi popanda maliro pafupi, makungwa atatha, iwo akungozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Kenako mnyamata wina anadutsa akulengeza kuti agogo ena a mudzi woyandikana nafe atisiya. Nkhope ya a Yakobe inawala. Anazindikira kuti ndawaona, n'kuweramitsa mutu, koma ndinali nditaona kale.

Miyezi inapita. Magazi anabwerera, fungo linabwerera, ndipo panawonjezeka zina zatsopano. Mapazi a Maness anatupa mpaka masilipasi osalowa, nkhope inatupa, mkodzo unkangodontha pang'ono, wakuda. A Yakobe anati ndi matenda akutuluka, n'kuwonjezera makungwa mumphika.

Tsiku limene anapita kukakumba ku Diamphwe ndinatseka benchi langa, ndinaitana njinga yamoto, ndipo ndinamunyamula mng'ono wanga ngati thumba la chimanga. Sindinapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Pa Mitundu tinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe. Adokotala omwe aja atamuona anavula magalasi n'kufunsa kumene tinali nthawi yonseyi. Anamutenga magazi, tinagona konko, ndipo zotsatira zitabwera anatiitanira m'kachipinda. Anati chotupa chakula, koma vuto lalikulu ndi impso, zawonongeka kwambiri moti sizingathenso kupirira dilipi. Khansa yokha imatha kutseka njira ya mkodzo, anatero, koma mmene magazi akuonekera akukayikira kuti pali chinanso chimene wakhala akumwa. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zonse, koma Maness ananditsina pantchafu. Anauza adokotala kuti ndi mankhwala achikuda amene anagula yekha pamsika, palibe anamupatsa. Adokotala anapukusa mutu, anati aleke msanga chifukwa akumuthera impso zotsalazo, n'kutipatsa mankhwala oletsa ululu kuti tizipita kunyumba.

M'minibasi tinakhala mpando wakumbuyo. Ine ndinkakonza mawu amene ndikawalandire nawo alamu anga, mawu oti akawamva akamangire katundu wawo tsiku lomwelo. Titadutsa minda ya kufupi ndi kwathu Maness anatsamira paphewa panga.

“Achemwali, musakawauze bambo a Ulemu.”

Ndinamufunsa ngati matenda afika kumutu.

“Munthu uja wakumba manda a dziko lonse chifukwa cha ine. Akadziwa kuti ndi makungwa aja, adzimangirira. Ndiye Ulemu atsala ndi ndani? Mukanene kuti matenda anakula okha. Lumbirani.”

Ndinakana, ndinatukwana, kondakitala mpaka anatembenuka. Iye anangondigwira dzanja osalisiya, ndi zala zotupa zija, mpaka ndinalumbira. Munthu amene wangouzidwa kumene kuti akufa sungamukanize kanthu.

Tinafika dzuwa likupendeka. A Yakobe anali pakhonde, maso ofiira, atazungulira mudzi wonse kutifunafuna. Sanakalipe. Anathamanga kudzamunyamula mkazi wawo pa njinga yamoto, kumukhazika pamkeka, kumuvula mpango kuti apume. Nditawauza bodza langa lija, kuti achipatala ati matenda anakula okha, anagwedeza mutu n'kunena kuti ankadziwa kuti a m'tauni alephera. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu. Anati awa ndi a ku Diamphwe, mtengo wake waukulu kuposa yonse imene anaionapo, ndipo awasunga ofunda kuyambira dzulo.

Ndinamuyang'ana Maness, iye n'kundiyang'ana. Analandira kapu ija ndi manja awiri, anamwa mpaka pansi, n'kunena kuti zikomo bambo. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukaluma chitenje kuti ndisakuwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasamukira m'nyumba mwawo. Ndikapeza mpata ndinkataya madzi aja n'kuthiramo tiyi wowawa, koma alamu anga sankachoka pafupi nthawi yomwetsa, ndipo nthawi zambiri ankamwa enieniwo. Ndinkamunong'oneza kuti angonena kuti akumuwawitsa m'mimba, iye n'kumati taonani mmene amandiyang'anira ndikamamwa. Anamwalira m'nyengo yozizira, chimanga chili m'nkhokwe. Manda ake anakumba anthu ena, pakuti mwamuna sakumbira mkazi wake. Mwambo wonse utatha ndipo titawamasula monga mkamwini, a Yakobe anabwerera kwawo ku Nathenje. Ulemu anatsala ndi ine, kwa amayi ake, ndipo iwo ankabwera pa njinga kudzamuona atanyamula mbatata kapena nzimbe.

Ulendo wina wotero anakhala pa benchi langa kumsika n'kundiuza kuti pali chimene chikuwasowetsa tulo. Ndinaganiza kuti azindikira. Koma anati mlandu ndi wawo chifukwa anachepetsa. Mwezi uja maliro anasowa, Maness anakhala masiku osamwa, ndipo udzu ukaupatsa mpata umabwerera ndi mphamvu. Akanalimba mtima n'kulowa m'manda popanda maliro, bwenzi mkazi wawo ali moyo. Ndinafinya tomato amene anali m'manja mwanga mpaka madzi kutsikira m'chigongono. Koma ndinali nditalumbira. Ndinangoti alamu, pitani dzuwa lisanalowe.

Ndikanatha kufa nalo lumbirolo. Koma mayi wina wa ku Nathenje amene amapikula anyezi kuno anandiuza, ngati nkhani yabwino, kuti alamu anu aja ndiye athandiza anthu kwathu. Anati pali Everlyn, mkazi wa mphwawo, mayi wa ana ang'onoang'ono, amene anamupeza ndi chotupa cha m'bere. Achipatala anamupatsa tsiku loti apite ku Lilongwe, koma sapita, chifukwa a Yakobe ali ndi mankhwala oyezedwa kuyunivesite, ndipo ulendo uno alonjeza kuti sadumphitsa ngakhale tsiku limodzi.

M'mawa mwake sindinayale tomato. Ndinakwera njinga yamoto kudutsa njira yafumbi mpaka ku Nathenje, njira yonse ndikukangana ndi mng'ono wanga wakufa. Ndinamuuza kuti iwe unasankha wekha, koma Everlyn sanalumbiritse munthu, ndipo ana ake sanalakwe kanthu. Ndinamuuza kuti ukandizenge mlandu ndikakupeza.

Ndinakumana nawo panjira yolowera kumudzi kwawo, akukankha njinga, kachigubu ka madzi ofiirira kali pakaliyala. Anasangalala kundiona, anavula chipewa, anayamba kufunsa za Ulemu. Sindinayankhe moni. Ndinawauza zonse mmene adokotala ananenera, za impso, za magazi, za dilipi imene inkagwira ntchito mpaka iwo anailetsa. Ndinawauza kuti mtengo wawo ulibe maso, unadula chilichonse chimene unapeza m'thupi la mng'ono wanga, monga mwana uja anawachenjezera pafoni. Ndinawauza kuti sanachepetse, anachulukitsa. Ndinkayembekeza kuti atsutsa monga kale, kuti anena za chimanga chofota kapena za mabwana a Chithokozo, ndipo ndinali nditakonzeka kuwagwetsera pansi ndi njinga yawo yomweyo.

Sanatsutse. Anafunsa kuti adokotala ananena liti zimenezi, ndipo ndinawauza kuti ndi ulendo uja iwo ali ku Diamphwe. Anaimika njinga bwinobwino, anamasula kachigubu kaja, anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukhala pansi m'fumbi pakati pa njira ngati mwana. Ngolo ya ng'ombe inachita kuwapatuka.

“Iyeyo analipo pamene ankanena?”

“Analipo. Anamva ndi makutu ake.”

“Ndiye tsiku lija mutabwera, kapu ija…”

“Ankadziwa.”

Anatsegula chigubu n'kuyamba kuthira pansi pang'onopang'ono, madzi akulowa m'fumbi pakati pa mapazi awo. Chitatha anadzutsa mutu, ndipo aka kanali koyamba chiwadziwireni kundiyang'ana m'maso osaphethira.

“Nanga alamu, ankamweranji?”

Ndinabwera ndi mawu odzaza dengu, ndinawakonza njira yonse, koma pa funso limeneli ndinalibe ngakhale limodzi loti munthu angalimve n'kukhalabe ndi moyo. Ndinawasiya pomwepo ali chikhalire, n'kupita kukafunsa nyumba ya Everlyn kuti ndimuuze amange kachikwama, tikwere minibasi.